Ndege ilibe nkhani? Kafunseni amene anakwera ya Wenela

Sabata ino ndikufuna titsutsane ndi mkulu wina amene dziko lonse limamuvulira chipewa pa nkhani yolemba za maulendo, Paul Theroux. Mkuluyu ali ndi mfundo imene wakhala akuibwereza kuyambira m'zaka za m'ma 1970, yakuti ulendo weniweni ndi wapansi, makamaka wa pa sitima yapamtunda, ndipo wa pandege ulibe cholemba. M'buku lake la 1979, The Old Patagonian Express, momwe akusimba za ulendo wa pa njanji kuchokera ku Boston mpaka ku Patagonia m'dziko la Argentina, akuonetsa wokwera ndege ngati munthu wongomangidwa lamba pampando, wosaona kanthu, amene amakhala ndi chosimba pokhapokha zinthu zikalakwika mumlengalenga. Mfundoyi ndi yokoma m'khutu ndipo alembi ambiri anaimeza osatafuna. Ine ndaiyeza ndi mabuku awiri a Amalawi, la Legson Kayira ndi la William Kamkwamba, komanso ndi mbiri ya agogo athu amene anapita ku Joni, ndipo ndaona kuti ikafika kwathu kuno imatsimphina.

Tiyambe ndi kumupatsa mkuluyu zake, poti pa sitima sakunama ayi. Buku limene linamutchukitsa, The Great Railway Bazaar la 1975, ndi la miyezi inayi ya m'sitima, kuchoka ku London kudzera ku Turkey, Iran ndi India mpaka ku Japan, n'kubwerera pa njanji yodutsa ku Siberia. Mukaliwerenga mudzaona kuti malo otchuka amangowalambalala. Chimene chimamugwira mtima ndi munthu amene wakhala naye moyang'anizana, zimene akudya, bodza limene akunena, ndi mmene akusinthira sitima ikamayandikira kwawo. Sitima imamupatsa mlembi zinthu zitatu zimene amazisowa: nthawi yochuluka, zenera lotseguka, ndi mlendo amene alibe kothawira.

Amene munakwerapo TAZARA mukudziwa zimene ndikunena. Njanji imeneyi, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China n'kuyamba kugwira ntchito mu 1975, ndi ya makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi ku Zambia. Amalawi ambiri timaikwerera ku Mbeya tikadutsa pa Songwe. Pakati pa Makambako ndi Mlimba sitima imalowa m'mphanga za m'mapiri n'kudutsa pa milatho yoti ukayang'ana pansi m'mimba mumachita kuti zii. Pa siteshoni iliyonse amayi amakweza nthochi ndi chimanga chootcha m'mwamba kuti ugulire pazenera. Tsiku limene ine ndinakwera, tinali anthu asanu ndi mmodzi m'kachipinda kamodzi. Pochoka ku Mbeya aliyense anali atakumbatira chikwama chake. Pofika usiku bambo wina wa ku Kasama anali atatiuza kale chifukwa chimene anasiyirana ndi mkazi wake, ndipo ife tonse tinali titagamula mlanduwo, Chiswahili, Chibemba ndi Chichewa zili pikitipikiti. Nkhani yotere sungaipeze pa ulendo wa maola awiri. Apa Theroux walasa.

Vuto limayamba tikafika pa buku lake la 2002, Dark Star Safari, la ulendo wochokera ku Cairo kupita ku Cape Town. Ili ndiye limatikhudza ife mwachindunji. Theroux si mlendo kuno. Anabwera mu 1963 ndi a Peace Corps, anaphunzitsa ku Soche Hill, anaphunzira Chichewa, ndipo boma la Kamuzu linamuthamangitsa mu 1965 pomuganizira kuti akuthandiza otsutsa boma. M'bukuli akutsika TAZARA ku Mbeya, kulowa m'Malawi cha kumpoto, kutsetsereka mpaka ku Zomba ndi ku Blantyre, kenako n'kutuluka pa bwato lopalasa mumtsinje wa Shire kulowera ku Mozambique. Pali masamba amene amaluma chifukwa ndi oona. Akafika pa sukulu yake yakale n'kupeza nyumba zowonongeka ndi laibulale yopanda mabuku, ukali wake umamveka kuti ukuchokera mumtima. Zimene amanena za magalimoto oyera a mabungwe othandiza, odutsa anthu oyenda pansi fumbi lili koboo, ambiri a ife tinazinenapo kale pa bawo.

Koma werengani mosamala muone mmene Amalawi akuonekera m'masamba amenewo. Pafupifupi aliyense amene wakumana naye akusanduka umboni pa mlandu umene mlembi anaugamula asanafike pa Songwe, wakuti dzikoli labwerera m'mbuyo kusiyana ndi mmene analisiyira. Wopemphetsa ndi umboni, mphunzitsi ndi umboni, kondakitala wa minibasi ndi umboni. Munthu yemwe ku India amatha kumvetsera mlendo kwa masamba angapo osamudula, kwathu kuno makutu ake amafupika. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, zoona, koma anatinso mlendo ndi mame. Kuyenda pansi sikunamuchititse kuona zambiri pamene mtima unali utatseka kale. Ndiye kuti si njanji kapena msewu umene umapanga mlembi wabwino.

Chachiwiri ndi ichi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Kunyoza ndege ndi mwayi wa munthu amene ndege ndi yosavuta kwa iye. Theroux ali ndi pasipoti ya ku America. Akhoza kudzuka m'mawa, kugula tikiti, madzulo ali ku London popanda womufunsa kuti ku banki ali ndi zingati kapena adzabwerera liti. Kwa iye sitima ndi chinthu chosankha, ngati munthu wokhuta amene wasankha kusala kudya. Ngakhale mu Dark Star Safari momwemo, pamene njira yapansi inatsekeka, monga pochoka ku Sudan kulowa ku Ethiopia, anakwera ndege n'kupitiriza ulendo. Palibe cholakwika pamenepo. Chongoti, munthu amene chitseko chimamutsegukira chokha sangadziwe kulemera kwake.

Tsopano tengani I Will Try la Legson Kayira, limene linatuluka mu 1965. Chaka cha 1958 chili ndi zinthu ziwiri zimene ndimakonda kuziika pamodzi. Pa 6 July Kamuzu anatera pa Chileka, namtindi wa anthu ukumudikirira. Pa 14 October mnyamata wa ku Mpale, cha ku Nthalire m'boma limene lero ndi Chitipa, ananyamuka wapansi, wopanda nsapato, atanyamula kankhwangwa, bulangete, Baibulo ndi buku la John Bunyan, akuti akupita ku America kukaphunzira. Maganizo ake anali oti akafike ku Egypt, akapeze ntchito m'sitima yapamadzi imene ikamuwolotse. Anayenda makilomita oposa 3,000, akuima m'njira kugwira maganyu. Ku Kampala, mu laibulale ya a ku America, anapeza buku la mndandanda wa makoleji, n'kulembera kalata ku Skagit Valley m'chigawo cha Washington, ndipo anamulandira.

Mukawerenga bukuli muone pamene pali mfundo yolimba kwenikweni. Mapazi otupa ndi njala zilipo, koma zimenezo mnyamatayo amadziwa pozigwira: kupuma, kugwira ganyu, kuyendanso. Chimene chinatsala pang'ono kumugonjetsa ndi mapepala. Pasipoti, viza, ndalama ya tikiti. Izi sungazipeze ndi mphamvu ya miyendo. Anafika mpaka ku Khartoum, ndipo kumeneko anthu a ku koleji ija ndi a m'tauni ya Mount Vernon ndi amene anasonkha ndalama yoti akwere ndege. Mu December 1960 anafika ku America. Zaka ziwiri zapansi, masiku owerengeka a mumlengalenga. Tsono mundiuze, kodi mpando wa m'ndege umene Kayira anakhalapo unalibe nkhani? Lamba amene Theroux amamuona ngati unyolo, kwa Kayira anali malipiro a zaka ziwiri.

Sindikunena kuti I Will Try lilibe zofooka. Kayira analilemba ali wophunzira ku America, m'Chingerezi, owerenga ake oyamba ali anthu omwewo amene anamusonkhera ndalama. Mawu ake ndi aulemu kwambiri, othokoza kwambiri, moti nthawi zina umalakalaka atakwiyako pang'ono, atatiuza chimene chinali mumtima pamene mlembi wa mu ofesi amamubweza chifukwa cha pepala limodzi. Mlendo sathyola mphasa, ndipo Kayira mphasa ya eni nyumba anaisamala. N'chifukwa chake masamba amoyo kwambiri m'bukuli ndi a kumudzi, a mayi ake amene anamuponya mumtsinje wa Didimu ali khanda, ndi a ku Livingstonia kumene anatenga mawu amene anakhala mutu wa bukuli. Kumudzi amalemba ngati mwini bwalo, akawoloka nyanja amalemba ngati munthu wokhala pa mpando wa eni.

William Kamkwamba naye ali ndi ndege yake. Mu The Boy Who Harnessed the Wind la 2009, limene analemba ndi Bryan Mealer, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu akukwera ndege koyamba mu 2007 kupita ku msonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania. Kumeneko ndi kumene anayamba kugwiritsa ntchito intaneti, n'kuona kuti nzeru za makina a mphepo zimene iye anazifufuza movutika mu kalaibulale ka kumudzi zinali mbwee, kungodina batani. Ndimezi ndi zokoma ndipo zimaseketsa. Koma ndikaziwerenga ndimadzifunsa kuti akuseka ndani, ndipo akusekedwa ndani? Pali kalembedwe kena kamene ofalitsa mabuku a kunja amakakonda, ka mwana wa kumudzi wodabwa ndi chikepe, shawa ya madzi otentha ndi chakudya cha m'ndege. Kudabwako ndi koona, tonse tinadabwapo. Vuto ndi lakuti kukakhala kokhako, woyenda amasanduka chionetsero. Chimene chimapulumutsa Kamkwamba ndi chakuti ndi mmisiri: akaona makina maganizo ake amathamangira ku funso lakuti kodi chimenechi chimagwira bwanji ntchito, ndipo pamenepo amakhala iye woyeza, dziko la eni n'kukhala loyezedwa.

Mabuku onse awiriwa ndi a anthu amene ndege inawapititsa ku ulemerero. Buku limene kulibe, limene kusowa kwake kumandipweteka, ndi la anthu amene ndege inawapititsa pansi pa nthaka. Achinyamata ambiri lero amaganiza kuti Amalawi oyamba kukwera ndege anali nduna ndi ophunzira. Ayi ndithu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, limene tonse timalidziwa kuti Wenela, linali ndi ndege zakezake. Zinkanyamula amuna kuchokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe kukatera ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo kumeneko ankakwera sitima yapamtunda kupita ku Johannesburg. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Taganizani: bambo wa ku Dedza kapena ku Mzimba amene sanakwerepo galimoto yaing'ono, m'sabata imodzi wapimidwa ali maliseche, wadinda chala pa pepala, wauluka pamwamba pa mitambo, wagona m'bogi yodzaza, kenako watsitsidwa m'chikepe makilomita awiri kapena atatu pansi pa dziko. Ndege ndi sitima pa ulendo umodzi. Palibe Theroux amene anayendapo ulendo wotero.

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela imene inkabweretsa anthu kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 anafera pomwepo. Anali atamaliza kontrakiti, katundu ali m'manja, mabulangete, mawailesi, nsalu za akazi awo. Kamuzu anaimitsa kulemba anthu ntchito za m'migodi. Zinadzayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, n'kudzathera mu 1988 pa mkangano wa zoyeza magazi. Hugh Masekela anaimba za sitima ya anthu a m'migodi mu nyimbo yake ya Stimela, ndipo Malawi anamutchula. Akatswiri a mbiri analemba ziwerengero. Koma mawu a munthu mwiniwake, wonena kuti ine ndinakhala pafupi ndi zenera, ndinaona Shire ngati ulusi, ndinasanza, mnzanga wa ku Ntcheu anapemphera njira yonse, ndi angati a ife amene tinawawerengapo m'Chichewa? Samuel Ntara anatipatsa Nthondo mu 1933, mnyamata wopita kukasaka ntchito ku Halale, koma m'badwo wa ndege ya Wenela ukudikirabe mlembi wake. Matchona tinawasandutsa nthabwala ndi nyimbo za pa mtondo. Ulendo wawo weniweniwo tinausiya m'kamwa mwa agogo amene akutha mmodzimmodzi.

Ndiye tibwere kwa ife eni. M'gulu lino mumabwera zolemba za maulendo pafupifupi sabata iliyonse, ndipo ndinene mosapsatira kuti zambiri zimathandiza Theroux kupambana mlandu. Chithunzi cha phiko la ndege, mawu awiri othokoza Mulungu, basi. Ena amene amayesetsa kulemba motalika amagwera m'maenje atatu. Loyamba ndi mndandanda: tinanyamuka 2 koloko, tinafika ku Addis Ababa usiku, tinadikira, tinakweranso. Imeneyo ndi tikiti, si nkhani. Lachiwiri ndi kudzionetsa, pamene cholinga chonse cha nkhani n'chakuti anthu a kwanu adziwe kuti munapita. Lachitatu, limene lafala kwambiri, ndi ulaliki woyerekeza: kunja misewu ndi yosalala, kwathu ndi maenje, kunja sitima imafika pa nthawi yake, Amalawi tinalodzedwa ndani? Anzanga, zimenezo tikuzidziwa kale tisanakwere ndege. Mukalemba choncho mwangokhala Theroux wachikuda, wofika ndi chigamulo m'thumba, kungoti inu mlandu mukuuzengera ku Heathrow.

Chonsecho nkhani zili mbwee pa ulendo wathu wa pandege, ndipo zimayamba kutali ndege isanaoneke. Zimayambira pa mzere wa pasipoti, pa fomu ya viza imene imafunsa dzina la msewu wa kwanu pamene kwanu n'kuseri kwa chigayo, pa ndalama zimene amalume anabwereketsa kuti ziingogona mu akaunti masiku angapo. Zili pa khonde la bwalo la ndege ku Lumbadzi, pamene banja lonse labwera pa minibasi kudzaperekeza munthu mmodzi, agogo akukupayo dzanja kwa ndege iliyonse poti sadziwa kuti mdzukulu ali mu iti. Zili m'chipinda chodikirira ku Addis Ababa kapena ku Nairobi pakati pa usiku, pamene umamva Chichewa kumbuyo kwako n'kutembenuka ngati wakuitana ndi mayi ako. Mmenemo muli amayi a geni opita ku Guangzhou ndi ku Dubai amene amadziwa kulemera kwa katundu pongomunyamula ndi dzanja. Muli atsikana opita kukagwira ntchito za m'nyumba ku maiko a Aluya, ena mwa iwo ngati aja amene tinamva kulira kwawo kuchokera ku Oman. Muli anyamata ngati aja oposa 200 amene ananyamuka mu November 2023 kupita ku minda ya ku Israel nkhondo ili mkati. Ndipo nthawi zina pansi pa mipando yomweyo, m'malo a katundu, muli bokosi la m'bale amene akubwerera kumudzi komaliza. Wenela anasintha dzina ndi njira, koma ndege yake sinasiye kuuluka.

Pali mwayi umodzi umene ife tili nawo umene Kayira ndi Kamkwamba analibe: owerenga athu ndi anthu a kwathu. Sitikufunika kufotokoza kuti nsima n'chiyani, kapena kuthokoza aliyense pa tsamba lililonse. Tikhoza kunena za manyazi a kutsegulitsidwa chikwama pa kasitomu, usipa ndi ufa zili poyera, fungo lili guu, ndipo wowerenga wa ku Nsanje ndi wa ku Karonga aseka pamodzi ndi ife, osati kutiseka. Chichewa chili ndi zida zonse za ntchito imeneyi. Ndege ikalowa m'mitambo n'kuyamba kugwedezeka, Chingerezi chili ndi liwu limodzi lozizira, ife tili ndi mtima kuti myuu, m'ndege monse kuti zii, mayi wa pambali kuti gwi pa mkono wako ngakhale simudziwana. Musaope kuti mawu ena kulibe. Lamba ndi lamba, tikiti ndi tikiti, viza ndi viza, ndipo pamene liwu likusowa fotokozani chimene mwaona monga mmene mungauzire agogo anu.

Kwa Theroux titengeko khutu ndi kudekha, poti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mkuluyu akafuna kumvetsera amamvetseradi. Titengeko chizolowezi chake cholemba zimene anthu anena tsiku lomwelo zisanazilale. Kwa Kayira titengeko kudziwa kuti mtunda wautali kwambiri pa ulendo wa Mmalawi uli pakati pa iye ndi chidindo. Kwa Kamkwamba titengeko diso lofunsa kuti chinthu chikuyenda bwanji. Sihle Khumalo wa ku South Africa anayenda kuchokera ku Cape Town kukafika ku Cairo pa mabasi ndi masitima n'kutulutsa buku mu 2007, kusonyeza kuti njira imene tinkaiona ngati ya azungu okha Mwafirika akhoza kuilemba m'mawu akeake. Ifenso tingathe, ndipo m'chinenero chathu.

Pempho langa ndi limodzi. Amene anakwera ndege za Wenela ali ndi zaka 20 mu 1973, lero adutsa zaka 70. Ena mwa iwo akadalipo m'midzi yathu. Foni imene mukuwerengera nkhani inoyi imatha kujambula mawu. Mukapita kumudzi, khalani nawo pansi, muwafunse zinthu zing'onozing'ono: anavala chiyani tsiku lonyamuka, anakhala pafupi ndi ndani, anawapatsa chakudya chanji, sitima ya ku Francistown inatenga masiku angati, pobwerera ananyamula chiyani. Musawakonzere Chichewa chawo, Chifanakalo chikalowamo chisiyeni. Mukalemba mubweretse muno tiwerenge, tikangane, tikonze. Amene mukuona kuti ndamulakwira Theroux, bwalo ndi lanu, bwerani ndi masamba.